Masileti a ku Kamwala kwa mwana wa Giredi 1

Masileti a thabwa opakidwa utoto wakuda amene amagulitsidwa ku Kamwala amathandizadi pophunzira zilembo, chifukwa mwana akalakwitsa amafufuta osawononga kope. Sankhani sileti ya mizere mbali imodzi kuti azolowere kuimika "b" ndi "d" pamzere. Mbali inayo ikhale ya masamu. Musanalipire, lembanipo ndi choko: chikamaterereka, utoto wasalala kwambiri, isiyeni.

Chimene chimawawononga msanga ndi madzi. Ana amawatsuka pampopi, thabwa limafufuma, m'mphepete n'kuyamba kubenthuka temu isanathe. Kansalu konyowa pang'ono n'kokwanira, sopo ayi. Kansaluko kamangirireni ndi chingwe pabowo la pakona, apo ayi katayika sabata yoyamba. M'chikwama, sileti ikhale pakati pa mabuku.