Miyezi 10 tili ndi nkhalamba yathu Tilipo

Yakwana miyezi 10 chimutengereni Tilipo, galu amene eni ake anamusiya atamangidwa pamtengo wa mapeyala pamene ankasamuka kuno kwa Dedza. Anakhala pamenepo masiku atatu akulira, mpaka mayi a kunyumba anati, "Bambo a ana, kamasuleni galu uja, tisachimwe tikuona." Ndinamupeza nthiti zili pamtunda, makutu ali yodzaza nkhupakupa, maso onse awiri atayera ndi ng'ala.

Tinapita naye ku chipatala cha ziweto cha LSPCA ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80 pamsewu wa M1. Atamuona mano, dokotala anati zaka zake zapitirira 10, saona bwino, ndipo miyendo yakumbuyo ili ndi nyamakazi. Anamubaya katemera wa chiwewe, natipatsa mankhwala a njoka za m'mimba ndi ophera nkhupakupa. Zimenezo zinatha msanga. Chimene sichinathe ndi nyamakaziyo.

Amene mukudziwa Dedza mukudziwa chisanu cha Juni ndi Julaye, mphepo ikamatsika m'phiri muja m'mamawa, chifunga chitaphimba mpaka kumsika. Miyezi imeneyo inali yowawa. Tilipo ankadzuka miyendo itauma gwa, kuyesa kuimirira n'kugwera chammbali, n'kukhala akunjenjemera. Tinamuchotsa pakhonde n'kumuika m'khitchini, pansi tinayala ziguduli zitatu ndi bulangete lakale. Ndinazolowera kumukoleka chitenje kunsi kwa mimba n'kumunyamula pang'ono kuti ayambe kuponda. Akayenda mapazi angapo n'kuothera dzuwa, thupi limamasuka. Mbaula tinasiya kuiika pansi tsiku lomwe anapsa nsonga ya mchira.

Ndinalakwitsa chinthu chimodzi chachikulu, ndipo mpaka lero chimandipweteka. Usiku wina akubuula, ndinamupatsa theka la Brufen poganiza kuti ndikumuthandiza. Anasanza kawiri, mawa lake osadya. Mlangizi wa ziweto amene ndinamuimbira anandiuza mosabisa kuti mankhwala amenewa amazula zilonda m'mimba mwa galu ndipo amaononga impso. Chonde, mankhwala a anthu ochepetsa ululu musamupatse galu popanda mawu a dokotala wa ziweto. Alipo ake a agalu, ndipo ndi amene akumwa pano.

Za maso sizinativute monga tinkaopera. Iye amayenda ndi mphuno. Akatuluka m'khitchini amagunditsa phewa kukhoma, n'kulitsata mpaka pakona, kenako n'kuwongoka kupita pambale yake yamadzi. Ana anaphunzira kuti mtondo, ndowa ndi njinga zili ndi malo ake osasintha, chifukwa mukangosuntha chimodzi amadzigunda n'kuima pomwepo, mutu uli pansi, kudikira wina amuyankhule. Tisanamugwire timayamba tamuitana dzina, apo ayi amadzidzimuka.

Mano atsala ochepa, choncho mafupa ayi. Amadya nsima ya mgaiwa yofewetsedwa ndi msuzi wa bonya wopanda anyezi, chifukwa anyezi ndi woipa kwa agalu, nthawi zina dzira lowiritsa kapena maungu. Nthiti zija zinabisika, koma timasamala kuti asanenepe kwambiri poopa kulemetsa miyendo.

Alamu anga atabwera kuchokera ku Lizulu anamuyang'ana nati, "Alamu, galu wosauwa wakuba mukumudyetseranji, ufa ukuvuta chonchi?" Funsolo ndi loona. Tilipo si mlonda, ndipo amene akufuna mlonda asatenge galu ngati ameneyu. Ndalama zimapita, za mankhwala ndi za mayendedwe. Amafunanso munthu pakhomo tsiku lonse, chifukwa mkodzo samatha kuusunga nthawi yaitali, ndipo ziguduli zija timachapa pafupipafupi. Tikanakhala kuti tonse timapita kuntchito, sitikanakwanitsa.

Koma kwathu kuno ndikanamutenganso. Agogo a ana, amene poyamba sankafuna n'komwe kumuona, ndi amene pano amakhala naye pamkeka m'mawa uliwonse akusankha nyemba, iye atatsamiritsa chibwano paphazi pawo. Katemera wa chiwewe wa chaka chino wayandikira, ndipo ndayamba kale kuyang'ana bulangete lokhuthala pa kaunjika chisanu china chisanafike.