Tebulo lokweza ndi kutsitsa lija, mmene lilili litadutsa dzinja

Tebulo lija ndinakhoma chilimwe chatha ladutsa kutentha kwa Okutobala, ladutsa mvula yonse, pano tili m'chiperoni, ndiye nditha kunena zoona zake osati zija timanena chinthu chikadanunkha vanishi.

Kwa amene simunalione, mwendo uliwonse uli pawiri. Wakunja ndi kabokosi kakatali ka matabwa anayi, wamkati ndi mtengo wamakona anayi umene umalowa ndi kutuluka ngati eriyo ya wailesi. Wamkatiwo uli ndi mabowo otalikirana masentimita 5, ukafika pomwe ukufuna umalowetsa bawuti ya 10 mm mopingasa, nati kuseri, basi wakiya. Pa 60 cm mwana amalemberapo homuweki, pa 75 mayi a kunyumba amaikapo mashini osokera, pa 90 ndi podulira nsalu ndi kusita munthu ataimirira msana osawawa.

Bawutizo zilibe mlandu ayi. Tinaikapo thumba la chimanga la 50 kg nthawi yokolola, ana amakwerapo ndikatuluka (amaganiza kuti sindidziwa), silinatsikepo ngakhale pang'ono. Nkhani yonse yagona pa kampata ka pakati pa mwendo wamkati ndi wakunja. Mtengo umamwa chinyezi cha mumpweya nkufufuma m'mbali, mulitali sumasintha kwenikweni, ndiye mwendo womwe mu Seputembala umatsetsereka bwinobwino pofika Januwale unagwira ndithu, awiri akumbuyowo kuchita kukokerana anthu awiri wina akumenya ndi hamala pa kathabwa, thukuta kamukamu pofuna kungokweza bowo limodzi. Ndinapala ndi pulena pang'ono, mwina mamilimita awiri, zinayenda. Mvula itangodula mtengo uja unabwerera mwakale, tebulo nkuyamba gwedegwede, mashini akamasoka kapu ya tiyi kumayenda yokha kupita kumphepete. Palibe saizi imodzi yomwe ingakwanire nyengo zonse ziwiri, makamaka paini wogula pamsika amene ogulitsa amakuuzani kuti ndi wouma chonsecho anachekedwa sabata yathayi.

Chinathetsa zimenezi ndi loko wachiwiri. Ndinakwirira nati m'mbali mwa mwendo wakunja, anyamata owotcherera anandiikira kachitsulo kopingasa pamutu pa bawuti kuti izipotoka ndi dzanja popanda sipanala, mkati ndinaikamo kachitsulo kophwatalala kuti bawutiyo isamadye mtengo. Ndiye yopingasa ija ntchito yake ndi kunyamula katundu, iyi yam'mbali imakanikiza mwendo wamkati kukhoma linalo la kabokosi kaja, kugwedera kumatheratu. Ukatero ukhoza kusiya mpata wokwanira dzinja osaopa. Amene mukufuna kupanga lanu ikani zonse ziwiri poyamba pomwe, bawuti zinayi zowonjezera sizingakusaukitseni.

Mabowo nawo. La pa 75 lomwe limagwira ntchito tsiku ndi tsiku linakula, linasiya kukhala lozungulira nkutalika chokwera chifukwa paini ndi wofewa ndipo kunjenjemera kwa mashini kumapangitsa mazinga a bawuti kumapala mtengo pang'onopang'ono, umapeza kautuchi pansi posesa. Ndinadula tizidutswa ta paipi yachitsulo nkukhomera m'mabowomo ndi guluu, komanso ndinasintha kugula bawuti zija zosalala pakati zokhala ndi mazinga kumapeto kokha. Kuyambira pamenepo zii. Koma thumba likalola miyendo yamkati ikhale ya mlombwa, ndi wolimba komanso sumafufuma kwambiri nyengo ikasintha, mbawa nayonso ili bwino. Pamwamba ndi kunja paini alibe vuto. Bulugamu ndi wamphamvu inde koma amang'aluka ndi kupindika akamauma, pa mwendo wotsetsereka ayi ndithu.

Mwendo wamkati musapake vanishi wambiri, kukatentha amamata. Sandipepa basi kenako kukhutiza kandulo. Bawuti wamba zinachita dzimbiri mu Febuluwale nkudetsa mtengo, zokutidwa ndi zinki zija zidakali mbee.

Chomwe anthu sanena nchakuti simudzalisintha kutalika pafupipafupi monga mukuganizira. Masabata oyamba timakweza ndi kutsitsa mpaka aneba kubwera kudzaonerera, pano limakhala pa 75 pafupifupi nthawi zonse, limakwera pokhapokha kukabwera oda ya mayunifolomu kapena nsalu za chinkhoswe zofunika kudula zambiri. Mwana anangozolowera kuika pilo pampando. Chifukwa chake nchakuti miyendo inayi payokhapayokha ndi chintchito, uchotse zonse pamwamba, wina agwire, iwe uzungulire uku ukuwerenga mabowo, ukaphonya limodzi tebulo lapendekeka. Ndinalemba manambala ndi maka pa bowo lililonse, zinathandizako. Ndipo ana asamayandikire pamenepo, bawuti ikachoka thabwa lapamwamba limatsika mwamphamvu, chala chikhoza kupanika.

Kwa telala kapena nyumba yaing'ono yomwe tebulo limodzi limagwira ntchito zitatu, ndalama yake siyotaya. Ngati mukungofuna podyera nsima khomani la miyendo wamba mupumule. Lomwe ndikupangira mlamu wanga pano miyendo iwiri ya mbali imodzi ndidzailumikiza ndi thabwa kuti izikwera limodzi, bawuti zopingasa zikhala ziwiri zokha, ndipo mlombwa wake ndauimika pakhonde uyambe wauma mpaka Seputembala.