Kamalo ka nsima pa Makwasa, ana a unamwino dziwani

Amene mwabwera kudzaphunzira unamwino ku Malamulo kuno ku Thyolo, makamaka inu ochokera kutali ngati Karonga, Mzimba kaya Nkhotakota, pali mayi wina amaphika kuseli kwa mashopu pa Makwasa ndipo ine ndikuti pitani mukalaweko.

Chaka choyamba chimawawa abale, kuzizira kwa m'minda ya tiyi, nkhungu m'mamawa, ma asainimenti, kenako ku wodi ukaona wodwala akutisiya koyamba ndiye usiku tulo osabwera, foni kumudzi ukaimba amangoti limbikira mwanawe osadziwa kuti mutu ukuwira. Ambiri timangosiya kudya.

Mayiwa amaphika zakumudzi zenizeni. Nkhwani wotendera, nyemba, usipa wouma wokazinga ndi tomato, ndipo ukawauziratu dzulo lake amakupezera ufa wa kondowole, mnzanga wa ku Nkhata Bay misozi inalengeza atauona m'mbale. Koma chimene ndimawakondera kwambiri, amakuyang'ana kumaso nkufunsa kuti mwanangu lero wawonda bwanji, wadya? Ukachoka ku naiti amakusungira phala lotentha.

Zovuta zilipo. Malo ndi ochepa, mabenchi awiri basi, masana mumadikira ndithu, ndipo Lachisanu dzuwa likamalowa amatseka mpaka Sabata lithe ndiye Loweruka musavutike kupitako. Mtengo ndi wa mwana wasukulu, Airtel Money amalandira, ndipo ndalama zikachedwa kuchokera kwanu amalemba m'kabuku bola mwezi ukatha mubweze.