Signal: Zimene Imabisa ndi Zimene Singathe Kubisa

Signal, pulogalamu yotumizirana mauthenga ndi kuimbirana, ndinaiika pafoni yanga zaka zinayi zapitazo chifukwa cha achemwali anga. Iwo amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina, ndipo tsiku lina usiku anandiimbira mawu akunjenjemera. "Achimwene, kuntchito kuja ndaona mapepala ena osalongosoka. Mutu wanga sukugwira. Koma pafoni pano sindinganene." Ndinawauza kuti adule kaye, atsitse pulogalamu ya chizindikiro cha buluu ija, kenako tilankhulane bwino. Sipanathe mphindi zisanu tonse tinali titalowa. Imafunsa nambala ya foni, imakutumizira khodi pa SMS, umalemba dzina lomwe ukufuna, n'kusankha PIN yako. Basi. Ndi yaulere ndipo mulibe zotsatsa malonda.

Sindinkaganiza kuti pali kazitape wina wake amene wakhalira kumvetsera achemwali anga. Kungoti chiyambire 2013 ndinasiya kuiona foni ngati chipinda cha anthu awiri. Mu June chaka chimenecho Edward Snowden, mnyamata wa zaka 29 amene ankagwira ntchito ya makompyuta a NSA, bungwe la ukazitape la America, anakumana ndi atolankhani ku Hong Kong n'kuwapatsa zikalata zachinsinsi. Nkhani yoyamba imene inatuluka m'nyuzipepala ya The Guardian inali ya lamulo la khoti lokakamiza kampani ya mafoni ya Verizon kupereka ku NSA, tsiku ndi tsiku, ndandanda ya amene aimbira ndani, nthawi yanji, kwa mphindi zingati. Osati ya oganiziridwa milandu okha ayi, ya makasitomala onse.

Chimene chinanditsegula maso kwambiri chinabwera mu October, pamene zinamveka kuti foni ya Angela Merkel, mtsogoleri wa Germany panthawiyo, nayonso inali pa ndandanda ya NSA. Germany ndi America ndi abwenzi apamtima, onse ali mu mgwirizano wa zankhondo wa NATO. Mayi Merkel ananena poyera kuti kuzondana pakati pa abwenzi n'kosavomerezeka. Dilma Rousseff, amene ankatsogolera Brazil, anaimitsa ulendo wake wa ku Washington pa zifukwa zomwezo. Koma mu 2015 zinaululika kuti BND, bungwe la ukazitape la Germany yomweyo, linkathandiza NSA kuzonda ena mu Europe, kuphatikizapo akuluakulu a boma la France. Mu 2021 wailesi ya boma ya Denmark, DR, inaulula kuti akazitape a dzikolo analola NSA kumvetsera kudzera m'mawaya a intaneti odutsa kwawo, ndipo pa omveredwawo panali Merkel yemweyo. Ngati atsogoleri amene amadyera patebulo limodzi akuchitirana chonchi, munthu wamba alibe chifukwa choganizira kuti uthenga wake umadutsa osaonedwa.

Tsono Signal imachita chiyani? Uthenga umakhomedwa pafoni yako usananyamuke, ndipo kiyi wotsegulira amakhala pafoni ya wolandira yekha. Makina a Signal amangoupititsa ngati bokosi lokhoma limene iwo alibe kiyi wake. Mawu olembedwa, zithunzi, mavoisi, kuimba kwa mawu ndi kwa vidiyo, zonse zimayenda motero, ndipo palibe batani loti uyambe wayatsa. Njira yokhomerayi anaiyambitsa Moxie Marlinspike ndi anzake, ndipo ndi yomweyo imene WhatsApp inamaliza kuika kwa anthu ake onse mu April 2016.

Apa ndi pamene achemwali anandifunsa funso limene aliyense amafunsa: "Nanga ngati loko wake ndi mmodzi, tikuvutikiranji kusiya WhatsApp?" Yankho lili pa zimene zili kunja kwa envelopu. Kalata ikhoza kukhala yomata bwinobwino, koma pamwamba pake palembedwa wotumiza, wolandira ndi tsiku. Kwa munthu wofufuza, zimenezo n'zokwanira. Wowerengera ndalama akaimbira mtolankhani katatu pakati pa usiku, sabata yomweyo nkhani ya kampani yake n'kutuluka, palibe amene akufunika kumva zimene anakambirana. Michael Hayden, amene anatsogolerapo NSA komanso CIA, bungwe linanso la ukazitape la America, ananena yekha mu 2014 kuti boma lake limapha anthu potengera zinthu za kunja kwa envelopuzi. Signal imayesetsa kusasunga zimenezo, ndipo pali umboni. Mu 2016 khoti la ku Virginia linailamula kupereka zonse zimene inali nazo zokhudza manambala awiri. Nambala imodzi inalibe akaunti. Pa inayo anapereka tsiku limene akaunti inatsegulidwa ndi tsiku lomaliza limene inalumikizana ndi makina awo. Mayina a anzake, magulupu, mauthenga, analibe. Pa zonse zimene ndinganene zoyamikira pulogalamuyi, chachikulu n'chimenechi: chimene sunasunge palibe angakulande.

Funso lachiwiri ndinadzifunsa ndekha. Signal ndi ya ku America komweko, ndiye tiikhulupirire bwanji? Mantha amenewa ali ndi maziko. Mu February 2020 The Washington Post ndi wailesi ya kanema ya ZDF anaulula kuti Crypto AG, kampani ya ku Switzerland imene inagulitsa makina obisira mauthenga ku mayiko oposa 120, inagulidwa mwachinsinsi ndi CIA ndi BND mu 1970. Maboma ankalipira ndalama zawo kugula loko amene eni ake anasunga kiyi wina m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusiyana kwake n'kwakuti khodi ya Signal, kutanthauza malangizo a kompyuta amene pulogalamuyi inapangidwa nawo, ili poyera pa webusaiti ya GitHub, ndipo akatswiri a m'mayunivesite osiyanasiyana akhala akuisanthula. Mwini wake ndi bungwe losapanga phindu limene linakhazikitsidwa mu 2018, Brian Acton, mmodzi wa oyambitsa WhatsApp, ataikamo madola 50 miliyoni. Limadalira zopereka za anthu. Ine khodi sindiwerenga, choncho ndimadalira amene amawerenga. Koma kudalira chinthu chimene aliyense angachitsegule n'kuona m'kati kumandikhazika mtima pansi kusiyana ndi kudalira bokosi lomata.

Pali kachinthu kena kamene anthu ambiri sakagwiritsa ntchito, koma ine ndimakakonda. Patapita masiku awiri kuchokera usiku uja ndinakumana ndi achemwali maso ndi maso. Tinatsegula macheza athu, n'kudina pa dzina, n'kupeza nambala yachitetezo: manambala 60 oikidwa m'timagulu ta asanuasanu, pamwamba pake pali khodi ya QR. Iwo anagwira foni yawo chilili, ine ndinaloza kamera yanga pa sikirini yawo, pomwepo panatuluka kachizindikiro kosonyeza kuti zafanana. Ndiye kuti palibe munthu wachitatu amene walowerera pakati n'kumanamizira kukhala mmodzi wa ife. Ndinaona mapewa awo akutsika, n'kupuma mpweya wautali. Kenako tinayatsa zoti mauthenga azifufutika okha pakatha tsiku limodzi. Kawotchi kakang'ono kamaoneka pambali pa uthenga uliwonse, nthawi ikakwana uthengawo umachoka pa mafoni onse awiri.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku palibe chodabwitsa. Mawu amamveka bwino poimba, zithunzi zimapita, gulupu imatha kufika anthu 1,000. Amene anazolowera WhatsApp sangasochere.

Zofooka zilipo. Choyamba, kuti ulembetse pamafunikabe nambala ya foni, ndipo m'mayiko ambiri nambala ndi yomangiriridwa ku chiphaso cha mwini wake. Kuyambira 2024 ukhoza kusankha dzina longopeka n'kupatsa anthu m'malo mwa nambala, zimene zathandiza kwambiri, koma polowera pakhomo nambala ikufunikabe. Mu August 2022 akuba a pa intaneti atathyola Twilio, kampani imene imatumiza ma SMS otsimikizira, manambala pafupifupi 1,900 a ogwiritsa ntchito Signal anakhudzidwa. Mauthenga akale sanawerengedwe, koma zinaonetsa pamene khoma lili lopyapyala. N'chifukwa chake ndimauza aliyense kuti ayatse loko wa kulembetsa, uja amafuna PIN munthu akafuna kusamutsira nambala yako pafoni ina. Chachiwiri, anthu ndi ochepa. Mwa anthu a m'foni mwanga, amene ali pa Signal ndikhoza kuwawerenga ndi zala. Pamalo pamene aliyense ali kwina, kupezeka ndi pulogalamuyi pakokha kukhoza kudzutsa mafunso, ndipo mayiko ngati China, Iran ndi Russia anaitseka.

Chachitatu n'chimene ndikufuna chimveke bwino, chifukwa anthu amavulala nacho. Signal imateteza uthenga panjira. Siteteza foni imene yalowedwa kale. Pulogalamu yozondera ya Pegasus, ya kampani ya NSO Group ya ku Israel, ikalowa m'foni imawerenga uthenga utatsegulidwa kale, monga mmene mwini wake akuuonera. Mu 2021 atolankhani anapeza ndandanda ya manambala pafupifupi 50,000 a anthu amene makasitomala a kampaniyi ankawafuna, ndipo ya Emmanuel Macron, mtsogoleri wa France, inali pomwepo. Sitetezanso ku chala cha mwini foni. Mu March 2025 Jeffrey Goldberg, mkonzi wa magazini ya The Atlantic, anangoona waikidwa mu gulupu ya Signal mmene nduna ya chitetezo ya America, Pete Hegseth, ndi akuluakulu ena ankakambirana zoponya mabomba ku Yemen. Loko sanathyoledwe. Munthu anatsegula yekha chitseko n'kulowetsa mlendo. Ndipo Reality Winner, mtsikana wa ku America amene anatumiza chikalata cha NSA kwa atolankhani mu 2017, sanagwidwe chifukwa cha uthenga wa pafoni. Ofufuza anaona kuti chikalatacho chinali chosindikizidwa papepala, anafufuza anthu ochepa amene anachisindikiza, n'kumupeza. Anagamulidwa zaka zisanu ndi miyezi itatu.

Ndikudziwa kuti pali ena amene amadana ndi mapulogalamu otere, ndipo mfundo yawo sindiipeputsa. Apolisi amati zigawenga ndi ozunza ana amabisala kuseri kwa loko yemweyu, ndipo n'zoona. Pa mtsutso wa lamulo la Online Safety Act ku Britain mu 2023, Meredith Whittaker, mtsogoleri wa Signal, ananena kuti bola kuchoka m'dzikolo kusiyana ndi kufooketsa loko wawo. Ine ndili mbali yake, chifukwa kiyi wapadera wopangira apolisi abwino tsiku lina amadzapezeka m'manja mwa ena, ndipo nkhani ya Merkel yationetsa kuti ngakhale abwenzi sadziletsa. Za Snowden, amene ena amamutcha wopereka dziko lake, ndipo akufunidwabe pa milandu ya pansi pa lamulo la ukazitape la 1917 ali ku Russia, ndimakumbukira kuti mu September 2020 khoti la apilo la ku America komweko linagamula kuti kusonkhanitsa ndandanda za mafoni kuja kunali kosemphana ndi malamulo. Akanakhala chete, khotilo likanaweruza chiyani? Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndimamuwerengera pamenepo.

Achemwali anga anapita kukaonana ndi loya asanachite china chilichonse. Mapepala aja sanawajambule ndi foni ya kuntchito, sanawasindikize pa makina a mu ofesi, ndipo dandaulo lawo analipereka kudzera m'njira yovomerezeka. Signal inatipatsa malo olankhulirana momasuka masabata atatu ovuta aja, pamene iwo ankafunika munthu wowamvetsera usiku popanda kuopa kuti mawu awo akasungidwa kwina. Mpaka lero timalemberana pomwepo, ngakhale nkhani zake masiku ano ndi za ana ndi za thanzi la mayi athu, ndipo kawotchi kaja tinakasintha kuti kazifufuta pakatha milungu inayi.