Sanang'ambe chifuwa, koma nthiti zinamva

Kwa zaka zitatu mtima wanga unkachita zake. Ndikakwera masitepe a pa fulati yathu ku Johannesburg ndinkafika pamwamba ndili wefuwefu, m'chifuwa muli ngati nkhuku yogwidwa miyendo. Madokotala amati atrial fibrillation: zipinda ziwiri za kumtunda kwa mtima zimangonjenjemera m'malo mopopa, magazi n'kumadikha mpaka kuundana. Mwayi wodwala sitiroko umakwera pafupifupi kasanu.

Poyamba anandilowetsa kachubu kudzera mu mtsempha wa m'mphechepeche mpaka mu mtima kuti akonze kagundidwe kake. Patatha miyezi 8 vuto linabwerera, ndiye ananditumiza kwa dokotala wa opaleshoni pa chipatala china chapulayiveti.

Bamboyo ndimuyamika. Anajambula mtima kuseri kwa envelopu n'kundifotokozera mpaka ndinamva. Ine ndinkaopa kung'ambidwa pakati pa chifuwa monga amachitira pa opaleshoni ya Maze imene dokotala wa ku America James Cox anayambitsa mu 1987. Ayi ndithu. Anaboola timabowo titatu mbali iliyonse pakati pa nthiti, n'kuphwetsa papo limodzi kuti kamera ione bwino. Kenako anawotcha mozungulira polowera mitsempha inayi yochokera ku mapapo, komwe kusokonekera kwa kagundidwe kumayambira, n'kutseka ndi kopanira kathumba ka kumanzere kwa mtima komwe magazi amakonda kuundana.

Chimene sindigwirizana nacho ndi mawu oti "opaleshoni yaing'ono". Yaing'ono ndi zipsera basi. Kwa masabata awiri ndinkatsokomola nditakumbatira pilo, ndipo tsiku limene anesi anasolola kapaipi ka m'nthiti ndinaitana mayi anga amene anatisiya kalekale.

Chinanso, potuluka palibe anandiuza kuti miyezi itatu yoyamba mtima umathabe kudumphadumpha pamene mabala akupola. Sabata yachisanu unayambiranso pakati pa usiku. Akazi anga anali atayamba kale kuimbira abale ku Ntcheu. M'mawa foni inayankhidwa ndi mlembi, n'kungoti, "Zimatero." Bwanji osanena tsiku lija? Bilu ya dokotala wogonetsa nayo inabwera payokha, medical aid (inshuwalansi ya kuchipatala) italipira gawo chabe. Funsani zimenezi musanasaine.

Tsopano patha miyezi 14. Mankhwala oletsa magazi kuundana ndikumwabe, dokotala sanandilole kusiya. Dzulo ndakwera masitepe aja ndi thumba la ufa la makilo 10 paphewa, ndipo ndapumira pakhomo penipeni.