Kiliniki ya agalu yomwe inatithandiza Sasha atachita khungu mwadzidzidzi

Kwa amene galu wanu wayamba kugunda mipando kapena kuphonya mbale yake yomwe, kiliniki ya ziweto yomwe ndimapitako kuno ku Lilongwe ndi yabwino ndipo ndingakuuzeni kuti pitani, bola mukhale ndi ndalama komanso tsiku lonse lopanda zochita zina. Dzina sinditchula chifukwa pali zina zomwe ndidandaule m'munsimu ndipo sindikufuna kuipitsa anthu omwe anandithandiza ndi mtima wonse.

Sasha ndi galu wamkazi wa zaka 8, wamng'ono thupi, tinamutseketsa kubereka kalekale. Maso asanavute anayamba kaye ndi kumwa madzi mosaleka, kukodza pena paliponse ngakhale m'nyumba zomwe sankachita, kudya ngati sanadyepo, mpaka kunenepa mimba kulendewera, ndipo usiku amangopuma wefuwefu pomwe kukuzizira. Kenako pasanathe mwezi maso basi, zii. Chodabwitsa nchakuti ukawayang'ana masowo anali oyera bwinobwino, opanda ng'ala, opanda manthongo, kungoti kadontho kakuda kapakati kaja kanali kotambasuka nthawi zonse. Anthu kuno kwathu ena amati wathiridwa mankhwala ndi akuba, ena amati ingomusiyani ndi ukalamba.

Chomwe chinandigwira mtima poyamba ndi mafunso a adokotala. Sanathamangire jakisoni ayi. Funso loyamba linali lakuti, mayi, mwamubayitsapo mankhwala a nkhupakupa kapena a mphere posachedwa? Nde anandifotokozera kuti anthu ambiri amagula ivermectin wa ng'ombe uja ku ma agro dealer nkumubaya galu mongoyerekeza, ndipo akachuluka galu amatha kuchita khungu, kudzandira, kutuluka dovu, koma khungu limenelo nthawi zambiri limatha mankhwala akatha m'thupi. Ife sitinamubaye. Chachiwiri anakayika matenda a nkhupakupa aja amati Ehrlichia, omwe amatha kuchititsa kuti magazi atayikire mkati mwa diso, ndipo amachizika ndi doxycycline kwa masiku 28. Anayeza magazi, mulibe. Anayeza shuga chifukwa galu wa shuga nayenso amamwa madzi kwambiri ndipo ng'ala imamugwira mwachangu, shuga ali bwino. Anayezanso presha ya m'maso ndi kachipangizo kakang'ono kongogunditsa padiso, akuti glaucoma, nthenda yokwera presha m'maso, imapweteka kwambiri ndipo ukachedwa ndi tsiku limodzi kapena awiri diso limatha, koma ya Sasha inali m'malo mwake. Ndakhalitsa pamenepa dala chifukwa izi ndi zomwe ndinalipirira ndipo sindikudandaula nazo, anayamba ndi kuchotsa matenda omwe akanatheka kuchiza.

Zonsezi zitatuluka bwino ndi pomwe anatchula SARDS. Akuti ndi matenda omwe tinthu tolandira kuwala kumbuyo kwa diso timangosiya kugwira ntchito m'masiku ochepa kapena masabata, amakonda agalu a zaka zapakati kupita kuukalamba, makamaka aakazi, ndipo mitundu ngati Dachshund ndi Miniature Schnauzer ndi yomwe imapezeka nawo kawirikawiri ngakhale galu wina aliyense atha kudwala. Chimene chimayambitsa sichinapezeke mpaka pano ndipo mankhwala otsimikizika obwezeretsa maso palibe. Anandiuza mosabisa choncho, ndinalira pompo, anandisiya ndilire osandithamangitsa ngakhale panja panali mzere. Ananenanso chilungamo kuti kuti munthu utsimikize zenizeni pamafunika makina otchedwa ERG omwe amayeza ngati kumbuyo kwa diso kukuyankha kuwala, iwo alibe, nde ngati ndikufuna atha kundilembera kalata yopita kwa akatswiri a maso a ziweto ku South Africa. Ulendo wa galu wodutsa malire ndi mapepala ake sindikanaukwanitsa, ndipo sanandipangitse manyazi pa zimenezo. Mawu omwe anandikhazika mtima pansi ndi akuti SARDS sipweteka, galu samva ululu uliwonse m'masomo.

Tsopano nkhani ya ma hormone, yomwe ndi imene inandisokoneza mutu kwambiri. Kumwa madzi kuja, njala, kunenepa, kupuma wefuwefu, zonsezi ndi zizindikiro za Cushing's, matenda omwe thupi limapanga hormone yotchedwa cortisol yochuluka. Ine ndinali nditawerenga kale pa intaneti nde ndinafika ndikufuna mapiritsi a trilostane aja amagulitsidwa ndi dzina la Vetoryl. Adokotala anakana. Anati agalu ambiri a SARDS amaonetsa zizindikiro ngati za Cushing's koma si onse omwe ali nayedi, ndipo ena zizindikirozo zimachepa zokha pakapita miyezi, pomwe trilostane ukampatsa galu yemwe sakufunikira umatha kugwetsa cortisol mpaka galu kusanza, kufooka, ngakhale kufa kumene. Kunena zoona akanatha kungondigulitsa, mankhwalawo ndi odula ndipo ndinali wokonzeka kulipira mwezi ndi mwezi. M'malo mwake anandituma ndikayeze madzi omwe akumwa patsiku, akuti akapitirira 100 ml pa kilo iliyonse ya thupi lake ndiye kuti ndi ochulukadi, kutanthauza kuti galu wa makilo 10 akamamaliza kuposa lita imodzi pali vuto. Kenako anapanga test ya dexamethasone, amatenga magazi m'mawa, kumubaya, kutenganso pakatha maola 4 ndi pakatha maola 8, nde galu amaswera konko. Zotsatira sizinaonetse Cushing's. Tinagwirizana kuti tizingomuyang'anira, kuchepetsa chakudya pang'ono ndi kubwereza kuyeza ngati ludzu silikutsika, ndipo pano latsikadi ngakhale njala ikadalipo.

Zomwe sizinandisangalatse zilipo ndithu. Zotsatira za dexamethasone zinachedwa kwambiri chifukwa magazi amatumiza kunja, zimenezo ndikumvetsa, koma palibe anandiimbira kundiuza kuti zachedwa, ndimachita kuimba ndekha ndipo pa reception aliyense amayankha zake. Munthu galu wako sakuona, sukugona, ka meseji kamodzi ka pa WhatsApp kakanakwana. Chinanso mitengo sakuuza pachiyambi, umangoona bilu pamapeto itaphatikizana zonse, ndipo si ndalama yochepa. Funsani mtengo wa test iliyonse asanayambe. Malo odikirira nawonso ndi opanikiza, agalu akuluakulu akuuwa mbali zonse, Sasha osaona komwe phokoso likuchokera amangonjenjemera, ndinachita kukadikira naye m'galimoto. Ndipo zonse zomwe adokotala anafotokoza zinali zapakamwa, akanalemba kapepala bwenzi zili bwino chifukwa tsiku limenelo mutu sugwira.

Koma mnyamata wothandizira adokotala uja Mulungu amudalitse. Iye ndi amene anakhala nane pansi kundiuza za kunyumba, zinthu zomwe sizili pa bilu. Anati musasunthe mipando, mbale ya madzi ndi ya chakudya zikhale malo amodzimodzi tsiku lililonse, ikani chiguduli kapena kamphasa pakhomo ndi pomwe payambira masitepe kuti azimva ndi mapazi kuti wafika pati. Anandifunsa ngati tili ndi dzenje la zinyalala kuseri, tilinalo, anati tchingani lero lomwe, komanso mbaula ya moto isamasiyidwe pakhonde poti galu wosaona amatsata fungo la ndiwo. Geti lizikhala lotseka. Ana aziyamba amuyankhula asanamugwire chifukwa akadzidzimuka atha kuluma osafuna. Anandiphunzitsanso timawu tochepa, ima, kwera, tsika, pang'ono, ndipo Sasha anatigwira msanga kuposa momwe ndimaganizira, pano ndikati ima amaima nji ngakhale akuthamanga. Za kamkombero kaja amavala agalu akhungu kuzungulira mutu kuti kazigunda khoma mphuno isanagunde, anati musavutike kuitanitsa kunja, telala atha kusoka kajekete nkulowetsamo kapayipi kopepuka. Tinapangitsa, kanathandiza masabata oyamba pabwalo, m'nyumba amakakana chifukwa kamakola m'miyendo ya tebulo, pano sitimuvekanso poti nyumba yonse waiyika m'mutu.

Pa kuyeza ndi kunena chilungamo ndikuwapatsa ulemu wonse, pa kulumikizana ndi makasitomala akonze. Mukamapita tengani botolo kapena paketi ya mankhwala alionse omwe galu wamwa kapena kubayidwa miyezi yapitayi, lembani tsiku lomwe munayamba kuona kusintha, ndipo funsani pafoni ngati akufunika apite osadya chifukwa ma test ena amatero. Ngati diso lafiira, latupa kapena galu akulitsinzina ndi ululu musadikire booking, pitani tsiku lomwelo muwauze pa reception kuti ndi emergency.