Gulu lokhala chete lija ndidakapitabe, koma nkhani ya ndalama yandikwiyitsa

Mnzanga wa ku Dedza amene tinkagwira naye ganyu ku Fordsburg anandifunsa pa WhatsApp kuti, "Achimwene, kwa Abuda kuja mudakapitabe? Tchalitchi munasiya?" Yankho linatalika, ndiye ndati ndilembe bwinobwino, popeza chaka chatha nditangoyamba ndinalitamanda gulu losinkhasinkha mwa njira ya Chibuda limeneli mopanda malire.

Tchalitchi sindinasiye, Lamulungu ndimapita monga kale. Gululi limakumana Lachitatu madzulo mu holo yaing'ono kumpoto kwa Joni. Patebulo pali kachifanizo ka Buddha, ena amaweramira, ena ayi, ndipo ine palibe amene anandiuzapo kuti ndiwerame. Otsogolera si amonke, ndi anthu wamba a ntchito zawo. Sali pansi pa bungwe lililonse, amangotengako njira za Thich Nhat Hanh, mmonke wa ku Vietnam amene anayambitsa malo a amonke otchedwa Plum Village ku France mu 1982 n'kumwalira mu January 2022.

Zambiri zikuyendabe bwino. Amayamba pa nthawi yake. Makhushoni alipo okwanira, ndipo wa mawondo ovuta amakhala pampando popanda womuyang'ana. Kuyenda pang'onopang'ono mozungulira holo uku ukutsatira mpweya wako ndinkakuona ngati masewera, pano ndimakukonda. Magetsi akazima amayatsa makandulo, basi zinthu n'kumapitirira. Tiyi wake ndi rooibos wopanda shuga, koma amenewo ndi mavuto anga.

Chimene chinandidabwitsa ndi kusiyana kwa kukhala wekha ndi kukhala pagulu. Langizo lake ndi limodzimodzi: khala tsonga, werenga mpweya kuyambira 1 kufika 10, maganizo akathawa yambiranso pa 1. Kuchipinda kwanga ndinayesa ndi pulogalamu ya pafoni. Usanafike pa 4 uthenga walowa, akumudzi akufuna ya feteleza, mwininyumba akufuna ya lendi, foni yomweyo imene ikukuuza kuti upume ndi imene ikukuitanira mavuto. Mu holo muja foni imatsala m'chikwama pakhomo limodzi ndi nsapato. Belu likalira ndimakhala theka la ola, pena mwendo utachita dzanzi, koma sindidzuka, chifukwa pambali panga pamakhala agogo ena a imvi mbuu ali phee, ndiye iwe mnyamata wamphamvu udzuka bwanji? Poyamba anali manyazi chabe. Kenako ndinaona kuti kupuma kwa anzako kumakubweza ukasochera, ngakhale palibe wakuyankhula. Tulo timene tinkandivuta chifukwa cha mashifiti a usiku tinayamba kubwera, makamaka Lachitatu ndi Lachinayi. Mtsogoleri anatiuzapo nkhani ya m'malemba akale a Chibuda, yoti Ananda, wophunzira wa Buddha, anauza Buddhayo kuti kukhala ndi abwenzi abwino ndi theka la moyo wauzimu, Buddha n'kumuyankha kuti si theka, ndi moyo wonsewo. Tsiku limenelo ndinavomera ndi mutu. Masiku ena ndimakayikira, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Tikamaliza kukhala chete pamakhala nthawi yogawana zakukhosi. Lamulo lake ndi loti woyankhula sadulidwa, sapatsidwa malangizo, ndipo zimene wanena sizituluka kunja. Lamulo labwino kwambiri, ineyo ndinanenapo za imfa ya malume anga amene sindinakawaike, ndipo anthu anangomvetsera popanda wina wondiuza kuti ndilimbe mtima. Koma tili ndi bambo wina amene ukwati wake unatha. Sabata iliyonse amayambira pomwe anayambira sabata yatha: loya, nyumba, galu amene mkazi anatenga. Amasiya pang'ono, onse n'kumaganiza kuti wamaliza, wina akangoti atsegule pakamwa iye wapitiriza. Ambiri m'gululi ali ndi magalimoto awo, kuchedwa sikuwakhudza. Ine ndimadalira takisi, minibasi za kuno, ndipo dera limenelo nthawi ikangopitirira 8 koloko usiku kupeza takisi yobwerera m'tauni ndi mwayi. Ndikaiphonya ndimaitana Bolt, galimoto ya hayala yoitanitsa pafoni, mtengo wake kuposa takisi kangapo. Ndiye munthu wakhala theka la ola kukhazika mtima pansi, kenako theka lina la ola uli maso pa wotchi ya pakhoma, ukuwerengera ndalama.

Ndinawauza mayi amene amayendetsa gululi. Anandimvetsera bwino, ndisaname, ndipo anati aziliza belu munthu akatalikitsa. Zinayenda masabata ochepa. Kenako bamboyo analira tsiku lina, belu silinalire, ndipo kuyambira pamenepo silinalirenso. Kutuluka pakati pa nkhani ya munthu wolira ndi kovuta, kwathu sitinaleredwe choncho. Pano ndimakhala pafupi ndi chitseko, nsapato ndimaziika poti ndizitenge msanga, koma chikumbumtima chimandivutabe ndikamazemba.

Tsopano za ndalama. Ndikuyamba, pakhomo pankakhala kabasiketi, aliyense n'kumaponya zimene angathe. Amati dana, ndipo ndi mwambo wakale wa Chibuda kuti chiphunzitso sichigulitsidwa. Ngakhale maphunziro osinkhasinkha otchedwa Vipassana, a masiku 10, a njira ya mphunzitsi S.N. Goenka, amene amachitikanso kufupi ndi Worcester ku Western Cape, salipiritsa chakudya kapena malo ogona, amayenda ndi zopereka za amene anamaliza kale. Ku gulu lathuli lendi ya holo itakwera anati tiyambe kulipira R200 pamwezi, yodulidwa yokha ku banki. Ndinavomera, holo si yaulere, ndipo R200 ya Lachitatu lililonse pamwezi si yoopsa.

Mu December ndinapita kumudzi. Ndisananyamuke ndinalemba uthenga kuti aimitse kudula mpaka ndibwere, anayankha kuti zatheka. Ya December anadula, ya January anadulanso, mwezi umene fizi ya ana inali pakhosi ndipo thumba linali litathera pa basi ndi pa Mwanza. Nditawafunsa, mayi aja anandiuza modekha kuti ndiuyang'ane mkwiyo wangawo mmene ukubwerera ndi mmene ukupitira. Ndinawayankha kuti, "Mayi, mkwiyowo ndauona, tsopano ndikufuna ndione R400." Anaseka, anapepesa, koma ndalama sanabweze. Anati aiwerengera pa tsiku lokhala chete kuyambira m'mawa mpaka madzulo limene amachita Loweruka lina pamwezi. Loweruka ine ndimagwira ntchito. Sabata imeneyo ndikanalemba izi, ndikanakuuzani kuti musapondeko.

Chimene chinandibweza ndi agogo aja. Anamva nkhaniyi, sindikudziwa kwa ndani, ndipo pamsonkhano wa gulu anafunsa kuti kabasiketi kanachotsedweranji pomwe si onse amene amalandira malipiro ofanana mwezi ndi mwezi. Kabasiketi kanabwerera, pambali pa njira ya ku banki. Ine ndinaimitsa ya ku banki ndekha, pano ndimaponya m'kabasiketi, mwezi wabwino zambiri, mwezi woipa zochepa. R400 ija idakalembedwabe m'buku lawo ngati ngongole yawo kwa ine.

Mnzanga wa ku Dedza ndamuuza kuti abwere adzaone, koma asasaine chilichonse cha ku banki, ndipo abwere ndi ya Bolt m'thumba. Lendi ya holo akuti ikweranso chaka chamawa. Akadzachotsanso kabasiketi ine ndidzasiya, ndipo mayi aja ndawauza kale zimenezi.